Ana athu asamangoloweza manotsi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa za kawerengedwe ka ana athu. Ine ndimagulitsa mbatatesi pa Lizulu. Nyuzipepala yanu ndikaimaliza ndimapatsa mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, ndipo iye amathamangira tsamba la zamasewero. Za Temwa Chawinga, amene adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, amazidziwa kundiposa. Tsiku lina mwanayu adafunsa kuti Kansas City, kumene kuli timu ya Temwa, ili pati, n'kukatsegula mapu yekha. Si jogalafe imeneyo?

Koma kwa anzake ambiri, kuwerenga ndi kuloweza manotsi ndi mafunso akale a MANEB basi. Buku la nthano ati n'kutaya nthawi. Mayeso a MSCE akangotha, makope onse amathera kukulungira mandasi. Nanga mwana wotere angalembe bwanji chimangirizo chomveka, poti sadaonepo mmene wina amalukira nkhani?

Inunso a Mkonzi muli ndi gawo lanu. Nkhani yopeka mumaipatsa kadanga kochepa, ndale n'kudya masamba onse. Oimba mumawakumbuka akayambana. Bwerani kuno mudzalembe za ngoma ya Angoni a Maseko, mawu a nyimbo zake ndi tanthauzo lake, kapena za zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO idazizindikira mu 2006.

Mutiuzekonso zimene amaphunzira ku Bunda ndi ku Zomba, kuti mwana wa mlimi asamasankhe kosi mongomvera dzina. Wangayu akuti akufuna zaulimi, koma mafunso ake ine andikulira.

Wowerenga wanu,
Lizulu, Ntcheu