Zikomo pondiletsa kutaya huva yanga yakale

Chilomoni,
Blantyre.

Kwa a Manejala ndi onse ogwira ntchito,
Sitolo yogulitsa ndi kukonza zipangizo zamagetsi,
Limbe.

Bwana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a kuntchito kwanuko. Ine ndine mayi uja ndinalowa m'sitolo mwanu mwezi watha nditanyamula huva yofiira ya nkhope yomwetulira, nditaikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala, mpaka alonda a pakhomo anaseka. Tsiku lija ndinathokoza pakamwa pokha, minibasi ikundidikira, ndiye mtima sunakhazikike. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi, ndipo ndaiika poyera kuti anzanga a ntchito ngati yangayi aiwerengenso.

Ndili ndi kabizinesi kakang'ono koyeretsa m'maofesi ndi m'nyumba za anthu. Tilipo asanu. Timagwira ntchito m'maofesi awiri ku Ginnery Corner, nyumba zingapo ku Namiwawa ndi ku Sunnyside, komanso Loweruka lililonse timayeretsa tchalitchi china chomwe chili ndi kapeti kuchokera pakhomo mpaka kuguwa. Ntchito yonseyi yakhala ikudalira makina amodzi okoka fumbi, huva yofiira ija yotchedwa Henry, yomwe mng'ono wanga anandibweretsera kuchokera ku Leicester ku England mu 2016. Atsikana anga amamutchula kuti abambo a pakhomo, chifukwa akadwala iwo tonse timagona ndi njala.

Anadwaladi. Tinapatsidwa ntchito yoyeretsa nyumba yomwe amisiri anali atangomaliza kuikamo matailosi. Matumba a m'kati mwa huva anali atatha, ndipo ine mwini ndinati, ingogwiritsani ntchito choncho, tidzakhuthula. Fumbi la simenti lonse lija linakamatira pa sefa. Kuyambira pamenepo Henry ankalira mokweza koma osakoka kanthu, kenako anayamba kuzima yekha, tsiku lina n'kukaniratu kuyaka. Mlandu unali wanga, sindingaukankhire munthu wina.

Kunena zoona, sindinadandaule kwambiri, chifukwa mtima wanga unali utapita kale kwina. Ndinali nditaona pa Facebook ma huva opanda nthambo aja, oonda ngati tsache, azimayi akuwagwira ndi dzanja limodzi kwinaku akuyankha foni. Ndinkakumbukiranso mmene tinavutikira mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Tinkafika paofesi 5 koloko m'mawa, magetsi palibe, n'kukhala pansi kumayang'anizana, mapeto ake n'kutenga tsache kumasesa kapeti, fumbi n'kukatera pamatebulo omwe tapukuta kale. Ndiye nditalandira ndalama zanga kubanki m'khonde ndinati basi, ndikagule opanda nthambo awiri, Henry ndikamusiye kwa amisiri achotsemo zomwe angafune.

Apa ndi pomwe pali kuthokoza kwanga. Achimwene omwe anandilandira pakauntala akanatha kungondilembera lisiti ya makina awiri, ine n'kutuluka ndikusangalala, iwo n'kupeza kangachepe kawo. M'malo mwake anandikokera mpando n'kuyamba kundifunsa. Amayi, mumayeretsa maola angati patsiku? Pansi pake m'potani, kapeti kapena simenti? Pali masitepe? Mumayeretsanso m'galimoto? Nditawauza za tchalitchi chija, anapukusa mutu n'kunena kuti, amayi, mukagula awiriwa n'kutaya uyu, mubweranso kuno mukulira mwezi usanathe.

Anatenga bokosi la huva yomwe ndinkaisirira n'kundionetsa pomwe palembedwa kuti batire imakhala mphindi 60. Kenako anandionetsa timalemba tating'ono ta m'munsi. Mphindi 60 zija ndi za pa mphamvu yotsikitsitsa, komanso ndi kamutu kopanda bulashi yozungulira. Ukaika mutu wa pakapeti nthawi imatsika, ukasindikiza batani la mphamvu yonse ambiri a iwo safika n'komwe mphindi 10, kenako udikire maola atatu kapena anayi ili pachaja. Kapeti wa kutchalitchi amatitengera pafupifupi maola awiri. Ndinawerengera mumtima n'kuona kuti Loweruka lonse likanathera podikira batire.

Anatsegulanso kachitini kosungiramo fumbi. Sikafika ngakhale lita imodzi. Henry wanga amanyamula malita 9, ndipo nthambo yake ndi yotalika mamita 10, moti soketi imodzi imakwanira ofesi yonse. Zinthu zimenezi ndakhala nazo zaka zonsezi osaziyamikira, ndinkangoona kulemera kwake ndi nthambo yokola m'miyendo ya mipando.

Pomwe ndinachita manyazi ndi pa nkhani ya mawati. Ine ndinkadziwa kuti huva yamphamvu ndi ya nambala yaikulu, 2000 kupita m'mwamba, ngati ketulo. Amisiri anu a kuwekishopu, bambo achikulire aja ovala magalasi, anandifotokozera modekha kuti nambala imeneyo imangonena magetsi omwe makinawo amadya, osati mphamvu yomwe amakokera fumbi. Anati kumaiko a ku Ulaya analetsa kugulitsa ma huva a m'nyumba opitirira mawati 1600 kuyambira Seputembala 2014, ndipo mu Seputembala 2017 anatsitsanso malirewo kufika pa 900, koma makapeti a kumeneko sanasiye kuyera. Anatembenuza Henry n'kundilozera kachikwangwani ka pansi pake: mawati 620 okha. Chimene chimakoka fumbi, anatero bambowo, ndi mpweya woyenda bwino kuchokera kumutu, kudzera mupaipi, m'thumba, pasefa mpaka kutuluka. Ukatseka penapake, ngakhale mota ikhale yaikulu ngati ya chigayo, palibe chomwe ingakoke, imangotentha.

Ndipo matenda a Henry anali omwewo. Sefa inali itauma gwa ndi simenti, m'paipi munali chidutswa cha katoni, ndipo nthambo inali itaduka m'kati pafupi ndi pulagi chifukwa atsikana anga amazula pokoka chingwe ali patali. Mota inalibe vuto. Anadula pomwe panaonongekapo, anaika pulagi yatsopano, sefa yatsopano ndi thumba, ola lisanathe abambo a pakhomo anadzuka, mpaka anakoka mpango wanga womwe ndinaika pampando. Ndalama yomwe munandilipiritsa sinafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa huva yatsopano. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndinatero mumtima, ngakhale khutu langa linawawa ndithu pomwe bambo aja ankandifunsa kuti, ndani anakuuzani kuti simenti imalowa mu huva yopanda thumba?

Sikuti munandinyozera opanda nthambowo ayi, ndipo izi n'zomwe zinandichititsa kukukhulupirirani. Achimwene aja ananena poyera kuti dziko likupita komweko. Anati mu 2018, potulutsa huva yopanda nthambo yotchedwa V10, James Dyson, mwini kampani ya Dyson, analengeza kuti kampani yake yasiya kukonza mitundu yatsopano ya ma huva a nthambo. Ngakhale a Numatic, omwe akhala akupanga Henry ku England kuyambira 1981, anatulutsa wawo woonda wopanda nthambo, Henry Quick, mu 2022. Chomwe chasintha ndi mabatire a lithium, omwewa a m'mafoni ndi m'malaputopu, ndi timamota tating'ono tothamanga kwambiri. Koma kumeneko, anatero, ambiri amagula kuti aziyeretsa kanyumba kawo mphindi 15 madzulo, akamaliza n'kukoleka pakhoma. Inu mumadyera pomwepa, ndiye gulani mmodzi, akhale wothandizira wamkuluyu.

Ndinagula mmodzi, ndipo munandisankhira wa batire yochita kuzula ndi batani, osati yomangirira m'kati ndi masikuluwu. Ndalama ya huva yachiwiri ija ndinagulira batire yapadera ndi matumba a Henry, zina n'kutsala.

Tsopano patha milungu isanu ndili nawo onse awiri, ndiye ndikuuzeni mmene akukhalira. Pamasitepe, wopanda nthamboyu alibe mnzake. Kale pankafunika anthu awiri, wina kunyamula Henry, wina kugwira paipi, ndipo mtima unkakhala m'mwamba kuti agubuduka. Pano mtsikana mmodzi amatsika nawo masitepe onse yekha. M'makatani, pamwamba pa makabati, akangaude a kudenga, m'mipando ya galimoto za mabwana, monsemo ndi mwake. Kasitomala wina ataona tikuyeretsa galimoto yake panja popanda kukoka nthambo kuchokera m'khitchini, anatipatsa galimoto zina ziwiri za akuntchito kwake. Magetsi akazima m'mawa sitikhalanso manja lende, timayamba ndi m'makonde ndi maofesi ang'onoang'ono, ndipo mabatire awiriwo ndimawatchaja kunyumba usiku, ngakhale pa kainiveta kanga ka sola, chifukwa chaja yake imadya magetsi ochepa.

Koma pakapeti wamkulu, mchenga womwe anthu amalowa nawo kunsapato n'kukhazikika pansi penipeni umamvera Henry yekha. Tinayesa dala kutchalitchi: tinadutsa ndi wopanda nthambo mzere umodzi, pooneka poyera ndithu, kenako tinabwereza ndi Henry, n'kumamva mchenga ukulira m'paipi. Dzanja nalonso limatopa, chifukwa kulemera konse kwa mota ndi batire kuli kuchigwiriro, pomwe Henry amangokutsata pambuyo pamateyala ake ngati galu.

Pali china chomwe sindinachiganizire. Mmodzi mwa atsikana anga ali ndi mphumu. Thumba la Henry likadzadza umangolitseka pakamwa n'kukataya, fumbi osaliona. Kachitini ka wopanda nthamboyu umakhuthula kangapo patsiku, ndipo ukatsegula kafumbi kosalala kaja kamabwerera kumaso. Tsiku loyamba mwanayo anatsokomola mpaka misozi. Pano ndinalamula kuti iye asakhuthule, ndipo wokhuthulayo azilowetsa kachitiniko m'jumbo, ali panja. Mwana wanga wamkazi, yemwe amakonda kuwerenga, atamva nkhaniyi anandiuza kuti nkhani ya dzina loti huva inayambira kwa munthu wa ntchito ngati yathu yomweyi. James Murray Spangler anali wosesa m'sitolo ina ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo fumbi linkamudwalitsa chifuwa. Anamangirira kamota, fani, mpini wa tsache ndi chovalira cha pilo, n'kupanga makina ake, ndipo mu 1908 William Hoover anagula nzeruzo n'kuyamba kuwapanga ambiri. Dzina lomwe latchuka ndi la mwini ndalama, wosesayo anaiwalika. Atsikana anga atamva anangoti, ndi mmene zimakhalira, amayi.

Malangizo omwe amisiri anu anandilembera kuseri kwa lisiti ndinawamata pachitseko cha sitolo yathu yosungiramo zipangizo. Sefa ya wopanda nthamboyu kuitsuka ndi madzi ozizira opanda sopo, n'kuisiya iume maola 24 isanabwezeredwe, ndipo nyengo ya chiperoni anati ndiwonjezere tsiku. Batire isamasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa, makamaka mwezi wa Okutobala. Isamagone milungu ili yotheratu moto. Chaja ikhale yake yomwe, osati iliyonse yomwe yalowa pabowo. Madzi, phulusa lotentha ndi simenti, zonsezi ayi, pa makina onse awiri. Anandichenjezanso za ma huva a kaunjika: a ku Britain pulagi yake ndi yofanana ndi yathu ya mano atatu aphwatalala ndipo magetsi ake ndi omwewa a mavoti 230, a ku Joni amangofunika kusintha pulagi ya mano ozungulira ija, koma a ku America ndi a mavoti 120, ukangolumikiza umamva fungo lopsa. Wopanda nthambo wa kaunjika anati ndisamuyandikire pokhapokha nditadziwa komwe ndikapeze batire yake, chifukwa batire ndi yomwe imayamba kufa, makina ena onse ali bwinobwino.

Pa nkhani ya batire yomweyi ndili ndi mapempho awiri, Bwana, ndipo musanditenge ngati mlendo yemwe wapatsidwa mpando n'kuyamba kufunsa za bedi. Loyamba, chonde musaleke kuitanitsa mabatire ndi masefa a makina omwe mumagulitsa. Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kuitanitsa katundu kunja ndi mutu waukulu, koma huva yopanda nthambo yomwe batire yake sipezeka ndi ndodo chabe. Lachiwiri, ikani bokosi pakhomo panu loti tiziponyamo mabatire akutha. Amisiri anu anandiuza kuti batire ya lithium ikapsa imaphulika, ndipo kwathu kuno zinyalala zimathera kudzala komwe timayatsa moto madzulo, ana akusewera pafupi. Ine yanga ikadzatha ndidzabweretsa kwa inu, koma ambiri sakudziwa.

Mundithokozere achimwene a pakauntala aja, amisiri a magalasi, ndi alonda omwe anandinyamulira Henry mpaka pasiteji atamaliza kuseka. Mayina awo sindinafunse, koma mukawafunsa za mayi wa huva ya m'chitenje adzikumbuka. Ndibweranso kumapeto kwa mwezi uno kudzatenga matumba ena, ndipo ndibwera ndi mnzanga wa malo otsukira galimoto ku Chirimba yemwe huva yake yayamba kulira ngati mmene ankalirira Henry. Ndamuuza kale kuti asagule chilichonse asanakhale pampando uja.

Ine kasitomala wanu,
Mayi woyeretsa m'maofesi wa ku Chilomoni.