Nangozo, pita ku Lisbon ndi mtima umodzi

Nangozo mwana wanga,

Voice note yako ija tayimva ine ndi amayi ako, ndiye ndati ndiyankhe polemba chifukwa netiweki ya kuno ikumadula mawu pakati, uwerenge pang'onopang'ono nthawi ya buleki kuntchitoko ku UK. Kuno tonse tili bwino, kumunda tamaliza kugalauza tikungodikira mvula basi.

Chandikhudza ine ndi mmene unayambira nkhani yako. Unayamba ndi pepani adadi, mwezi uno nditumiza zochepa chifukwa anzanga akonza zoti tipite ku Lisbon Lachisanu tikabwereko Lamulungu, kenako nkumafotokoza mtengo wa tikiti ya ndege ngati ukuwerengetsa ndalama za munthu wina. Ndalamazo nzako mwana wanga, wazikhetsera thukuta usiku anthu ali mtulo, kunyamula odwala, kuwasambitsa, kutuluka mmawa kuli chisanu choluma zala nkukadikira basi. Malata a nyumba ino unagula ndiwe, fizi ya mng'ono wako ukulipira ndiwe, mankhwala anga sanadukepo chichokere iwe. Ndiye wikendi imodzi yokaona mzinda ndi kudya timakeke ndi anzako usandipepesere ayi. Ndaona ana ambiri a anzanga ali kunjako zaka ndi zaka koma chomwe akudziwa ndi msewu wochokera kunyumba kupita kuntchito, akabwera kuno amakhala otopa mpaka mumtima ndipo ena amayamba kudana ndi abale awo omwe chifukwa foni iliyonse yochokera kumudzi imakhala ya ndalama. Ine sindikufuna iwe udzafike pamenepo. Pita, ndipo ukapite ndi mtima umodzi osati theka lili pa ndege theka likuwerengera matumba a fetereza.

Tsono poti mwasankha Lisbon, likulu la Portugal, ndili ndi zokuuza zambiri, ukudziwa kuti zaka zanga zonse za uphunzitsi ndinkaphunzitsa mbiri ndipo mzinda umenewu ndautchula pabolodi kosawerengeka, komanso amalume ako a ku Vila Ulongwe ku Mozambique anakhalako nthawi imene ankaphunzira ndiye tikakhala pakhonde nkhani zake sizitha.

Tiyambe ndi zotsekemerazo poti ndi zomwe mwatsata. Timakeke tomwe anzakowo akukamba ndinatilawapo ku Tete, kumeneko mmabekale a Chipwitikizi timapezeka. Nkakang'ono kokwana mchikhatho, kunja kwake kopyapyala kosanjikizana ukaluma kamathetheka nkumagwera pamalaya, mkati muli phala la mazira ndi mkaka lachikasu, pamwamba pali timawanga takuda ngati kapserera koma ndi mmene kamayenera kukhalira. Kamakoma kakali kotentha, kakazizira theka la kukoma lapita. Kwawo kwenikweni kwa timakeke timeneti ndi ku Belém, kumadzulo kwa mzinda mmbali mwa mtsinje wa Tejo, pa shopu yotchedwa Pastéis de Belém yomwe yakhala ikuphika kuyambira 1837. Kaphikidwe kake kanachokera kwa amonke a pa Mosteiro dos Jerónimos pafupi pomwepo, boma litatseka nyumba za amonke mu 1834 anthu aja anasowa pogwira ndiye anayamba kugulitsa timakeke kuti apeze chakudya, mpaka lero kasakanizidwe kake amakabisa. Amalume ako amati anthu ambiri amangoima pamzere wa panja wogula nkumapita, osadziwa kuti mkati muli zipinda zambiri zokhalamo, makoma ake a matailosi a buluu ndi oyera, ndiye inu mukalowe mukakhale pansi, muitanitse khofi, muwaze sinamoni pamwamba mudye mosathamanga. Munthu wochokera ku shifiti ya maola 12 asakadyenso choimirira ku Lisbon.

Koma pa shuga pokhapa ndimvere. Iwe ndi namwino ukudziwa kuposa ine, koma odziwa ndi amene amadzinyalanyaza. Mmawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndimadzibaya chala, kadontho ka magazi pa kapepala kaja nkudikira nambala ituluke pa kamakina unanditumizira, ndipo azakhali ako unaona wekha mmene phazi lija linayambira ngati kachilonda kachabechabe. Matendawa ali mmagazi mwathu. Sindikukuletsa kudya, idya ndithu tiwiri totentha umve kukoma kwake, kungoti anzako akamati tilawenso apa tilawenso apo tsiku lonse, mmawa keke masana ayisikilimu madzulo kachakumwa kotsekemera ka ginjinha kamene amagulitsa mtimakapu pafupi ndi bwalo la Rossio pakati pa mzinda, iwe uzigawana ndi mnzako chimodzi pakati, uzimwa madzi, ndipo udye chakudya chenicheni kaye. Nsomba kumeneko nzambiri, zowotcha pamakala, mwana wokulira pa usipa ndi chambo sangavutike. Ubwino wake mzindawo ndi wa zitunda zokhazokha ndiye muyenda mpaka akatumba kuwawa, tenga nsapato zafulati zogwira pansi chifukwa misewu yoyenda pansi anayala timiyala toyera ndi takuda tomwe timaterera kukagwa mvula.

Mukatha kudya musathamangire kukwera basi kubwerera mtauni. Lowa mtchalitchi cha Jerónimos chija, chapafupi ndi khomo pali manda a Vasco da Gama. Zombo zake zinanyamukira pagombe lomwelo la Belém mu 1497 ndipo mu 1498 zinafika pa chilumba cha Mozambique, kuchokera pamenepo Apwitikizi sanachokenso kumbali yathu ino kwa zaka mazanamazana, anakwera Zambezi nkukhazikika ku Sena ndi ku Tete, mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa mdziko la Amaravi kuchokera ku Tete kupita ku Kilwa kugombe la Tanzania. Kutsidya kwa msewu mmphepete mwa madzi uona chipilala chachikulu chooneka ngati kutsogolo kwa chombo, Padrão dos Descobrimentos, anachimanga mu 1960, pali anthu osemedwa atandandalika kuyang'ana kunyanja. Alendo amajambulitsa pamenepo akumwetulira ndipo iwenso jambulitsa palibe cholakwa, nyumbazo nzokongoladi ndipo amisiri ake anali amisiri. Ndikungofuna pamene wayima pamenepo udziwe kuti chaka chomwe ankamanga chipilalacho agogo ako aamuna, bambo a amayi ako, anali pansi pa ulamuliro wa anthu omwewo ku Angonia ku Mozambique, anthu akugwidwa kupita ku chibalo, ena akuthawira ku Nyasaland usiku. Kwa anzako mwina ndi malo okongola chabe koma iwe nkhani imeneyi ndi ya mnyumba mwanu.

Ndipo pali malo ena aang'ono omwe ndikanakonda ufikepo ngakhale kwa mphindi zochepa, Largo do Carmo, kumtunda kwa Rossio. Pali tchalitchi chopanda denga chomwe chinagumuka ndi chivomerezi cha pa 1 November 1755 ndipo anachisiya choncho, ndiye pabwalo lomwelo ndi pomwe pa 25 April 1974 asilikali anazinga Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal, mpaka anagonja, anthu nkumaika maluwa mmipope ya mfuti. Asilikaliwo anali atatopa ndi nkhondo za ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau, ndipo patangotha chaka, pa 25 June 1975, Mozambique inalandira ufulu. Zomwe zinatsatira ndinaziona ndi maso anga. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta cha mma 1986, pa Lizulu pomwe msewu ndiwo malire, tinkadzuka mmawa nkupeza anthu ali mbwee mbali ya kuno, amayi atasenza mphika ndi mphasa mwana kumsana, mapazi otupa, mashopu a tsidya lija atasanduka mabwinja makoma ali zibowo za zipolopolo. Agogo ako aakazi anafika choncho ndi nsalu imodzi. Malawi inasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Sindikukuuza izi kuti wikendi yako ikhale ya maliro ayi, ndikufuna uziyenda mmisewu imeneyo mutu uli mmwamba, podziwa kuti mdzukulu wa mayi anawoloka msewu wa Lizulu wopanda nsapato uja lero wafika ku Lisbon ndi tikiti yogula yekha. Ukamva wina akuyankhula Chipwitikizi cha ku Tete kapena ku Beira, ndipo uwamva chifukwa aku Mozambique aliko kumeneko, cha ku dera la Mouraria kuli ngakhale malo odyera zakudya za kwawo, apatse moni, awuze kuti amayi ako kwawo nku Angonia.

Amalume ako akuti ndikuuze kuti ukapanda kukaona manda a Eusébio, katswiri wa mpira uja, usadzawapatse moni. Ali mu Panteão Nacional, nyumba yoikamo anthu otchuka a dzikolo, kudera la Alfama, anawasamutsira mmenemo mu 2015, mwana wa ku Maputo wogona pamodzi ndi mapulezidenti a Portugal, uja anagoletsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966. Ngati anzako sakonda mpira apatukire kukaona mzinda pamwamba pa chitunda iwe ulowe ujambule chithunzi chimodzi utumize.

Za ndalama pakati pa inu anzanu, apa ndi pomwe maulendo ambiri amathera mkusayankhulana. Mugwirizane musananyamuke, hotela ndi zingati aliyense, chakudya aliyense azilipira chake kapena muzigawana bilu, zimenezi zikambidwe kukali kowala. Ndimakudziwa iwe, bilu ikabwera anthu nkukhala chete ndiwe woyamba kutulutsa khadi kuti manyazi athe, kenako umakhala miyezi ukudikira kuti akubwezere osafuna kukumbutsa. Usatero. Ngati pali mnzako amene zikumuvuta ndipo ukufuna kumuthandiza, mpatse mwakachetechete ndipo uyiwale, koma osati ngongole yosatchulidwa. Komanso malipiro anu si ofanana, wina akafuna malo odyera odula iwe uli ndi ufulu wonena kuti ine izi sindikwanitsa, mnzako weniweni sangakuseke. Chinanso, mmalesitilanti a kumeneko mukangokhala amabweretsa buledi, maolivi, tchizi, osaitanitsa, inu nkumati ndi ulemu wa eni nyumba, ayi ndithu mukadya zimalowa mu bilu. Ngati simukuzifuna nenani azichotse, salakwiridwa. Safunsa anadya phula.

Kasitima kachikasu ka nambala 28 kaja aliyense amafuna kukwera, kamadutsa mtinjira topanikiza ta ku Alfama mpaka kutsala pang'ono kukhudza makoma, kwerani ndithu koma mmawa anthu asanachuluke, ndipo chikwama chikhale kutsogolo dzanja lili pamwamba pake chifukwa opisa mmatumba amadziwa kuti mlendo maso ake ali pawindo. Pasipoti yako ndiye usamale koposa, wavutikira viza ya Schengen ija ndipo pasipoti ya Malawi ikatayika uli kunja ndi mavuto aakulu, ujambule tsamba la chithunzi ndi la viza usunge mufoni komanso utumize kwa ine. Onetsetsanso kuti zokuyenereza kubwerera ku UK zili bwinobwino usanakwere ndege. Nambala ya ngozi kumeneko ndi 112. Usiku mutuluke limodzi mubwerere limodzi, wina asatsale ndi munthu amene wangokumana naye, ndipo chakumwa chako usachisiye patebulo nkupita kukavina. Ndiwe wamkulu, sindikufunsa kuti muzikamwa chiyani kapena muzikagona nthawi yanji, ine changa nchoti amene mwapita mubwere onse.

Kwatsala nkhani ya zithunzi. Ukangoika pa status ya WhatsApp uli pamtsinje wa Tejo keke kumanja, pasanathe ola foni yako iyamba kulira, wina fetereza, wina fizi, wina denga likudontha, ndipo ena adzabwera kuno kudzandiuza kuti mwana wanu akudya ndalama ku Ulaya ife tikuvutika. Anthuwa si oyipa, zinthu zavutadi kuno ndipo chimanga chakwera, kungoti iwo amaona chithunzi saona mashifiti a usiku. Sindikunena kuti ubise ngati waba, ika ngati ukufuna, koma bola udikire ubwerere kaye kuti masiku awiriwo foni isakulande. Amene adzabwere kudzadandaula kwa ine ndidzawayankha ndekha, imeneyo ndi ntchito yanga osati yako, ndipo zochepa wati utumiza mwezi unozo zitikwanira, mbewu tinagula kale.

Amayi ako akuti utenge juzi chifukwa mphepo ya kumtsinje imazizira madzulo, akutinso ukalowa mtchalitchi chija uwayatsire kandulo agogo ako. Mng'ono wako akufuna jezi ya Benfica koma ndamuuza kuti zimenezo mukambirane awiri. Ukatera ku Lisbon Lachisanu unditumizire uthenga, ndipo Lamulungu ukafika kunyumba uyimbe ngakhale kutada, tidzakhala tili maso.

Ndine bambo ako.