Eni dera okha asamaweruze milandu ya tsankho ku America

Akulu a Mkonzi,

Ndiloleni nditsutse amene akumati boma lalikulu la ku Washington lisamalowerere milandu yakupha ya m'zigawo za America, ati poti eni dera ndiwo amadziwa anthu awo. Kudziwanako ndiye kumene kumapha chilungamo wophedwa akakhala wakuda.

Mu 1955 m'chigawo cha Mississippi, azungu awiri, Roy Bryant ndi J.W. Milam, anapha Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 wochokera ku Chicago. Anamumangirira chitsulo cholemera m'khosi ndi waya waminga n'kumuponya mumtsinje wa Tallahatchie. Mlanduwo unagwera m'manja mwa jury, gulu la anthu wamba 12 a m'deralo, onse amuna achizungu. Anakambirana mphindi 67 zokha n'kuwamasula. Patangopita miyezi ingapo awiriwo anaulula zonse ku magazini ya Look atalandira ndalama, podziwa kuti lamulo silingalole kuwazenganso mlandu womwewo.

Musati izi n'zakale. Curtis Flowers, bambo wakuda, anazengedwa maulendo 6 pa mlandu umodzi wakupha, ku Mississippi komweko. Pa anthu akuda 42 amene akanatha kukhala mu jury, woimira boma Doug Evans anakana 41. Linachita kulowererapo ndi khoti lalikulu la dziko lonse mu 2019, ndipo mlandu unathetsedwa mu 2020, bamboyo atataya zaka zoposa 20 kundende. Onani kuti chinyengo chake chinachitika umboni usanayambe n'komwe, pa nthawi yosankha oti akhale pa mipando ija.

Sindikunena kuti anthu wamba sangaweruze molungama. Ku Brunswick, Georgia, jury ya azungu 11 ndi wakuda mmodzi inapeza olakwa azungu atatu amene anathamangitsa ndi kupha Ahmaud Arbery, mnyamata wakuda. Zimenezo n'zoyamikika. Koma mlanduwo unafika bwanji kukhoti? Arbery anawomberedwa pa 23 February 2020, ndipo kwa miyezi yoposa iwiri palibe anamangidwa. Mmodzi wa akuphawo, Gregory McMichael, anagwirapo ntchito yofufuza milandu mu ofesi ya woimira boma wa m'dera lomwelo. Pakanapanda vidiyo imene inafalikira pa intaneti mu May, mayi ake a Arbery bwenzi akulirabe okha. Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi.

N'chifukwa chake ndinakondwa kuti boma lalikulu linawazenganso atatuwo, ndipo mu February 2022 anapezeka olakwa pa mlandu wochitira munthu nkhanza chifukwa cha khungu lake. Ndi mmenenso zinakhalira mu 1967: Mississippi itakhala chete pa kuphedwa kwa Chaney, Goodman ndi Schwerner, anyamata atatu omenyera ufulu wa anthu akuda, khoti la boma lalikulu ndilo linapeza olakwa anthu 7.

Chondiwawa n'chakuti Washington imadzuka pokhapokha dziko likachita phokoso. Wapolisi kapena woimira boma akakhala pa ubale ndi woganiziridwa, ofufuza ochokera kunja kwa deralo azilowa tsiku lomwelo, asamadikire vidiyo.

Wowerenga wanu,
Zomba