Lipoti la msonkhano wa ku boma, nkhani ya amphaka ndi makoswe pa zilumba

A tcheyamani ndi nonse a komiti yathu ya kugombe, ndabwerako ku msonkhano munandituma uja ku Salima boma. Tinayamba mochedwa cha m'ma 10, anzathu a ku Senga Bay ndi ku Chipoka analiponso. Zambiri ndi zomwe timazidziwa kale, maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja, koma nkhani imodzi sikundichoka mumtima.

Mayi wina woona za nyama zakutchire anationetsa pa foni chithunzi cha kambalame kakang'ono ngati timba, dzina lake Lyall's wren. Kankakhala pa chilumba cha Stephens ku New Zealand, kachilumba kosakwana ma sikweya kilomita awiri, ndipo sikankauluka, kankangothamanga pansi ngati mbewa poti pamenepo panalibe chokagwira. Mu 1894 anayatsa nyali yayikulu younikira sitima pachilumbapo, ogwira ntchito anabwera ndi amphaka, amphaka aja kuswana n'kulowa m'tchire. David Lyall, mmodzi wa oyang'anira nyaliyo, mphaka ankamubweretsera timbalameti pakhomo titafa kale, iye n'kumatumiza kwa akatswiri, Walter Rothschild ku England n'kukapatsa dzina, koma cha m'ma 1895 kanali katatheratu padziko lonse. Amphakawo anadzawamaliza mu 1925, mbalame itapita kalekale.

Abale anga, ine pomwepo maganizo anathamangira ku chilumba cha Mbenji. Tikamapita ku utaka timalongedza matumba a ufa, makala, maukonde opindapinda, ndipo chaka chatha ndinaona ndi maso angawa khoswe akutuluka m'thumba la ufa tikutsitsa katundu, n'kulowa m'miyala, ife osalabadira. Ndiye wina amati titenge mphaka azikagwira makoswe ku msasa, nyengo yotseka ikakwana anthu tonse tabwerera kumtunda, mphaka watsala yekha, adya chani ngati si mbalame ndi anapiye ake?

Tinagwirizana kuti boti lililonse lopita ku zilumba za Mbenji, Namalenje kapena Maleri katundu azigwedezedwa kaye pagombe, ndipo mphaka kapena galu asakwere. Ine ndapempha kuti tikaitule nkhaniyi kwa a Senior Chief Makanjira, ikhale limodzi ndi malamulo a pa Mbenji poti amenewo anthu amawaopa.

Tikumane Loweruka pansi pa mtengo paja tisankhe opita kwa mfumu. Chenji ya thiransipoti ndapereka kale kwa a msungichuma.