Musanaphatikize C ndi D pa kompyuta, koperani kaye mafayilo

A Mkonzi,

Tipatseniko mpata tifotokoze za vuto lomwe likufikitsa anthu ambiri, makamaka ophunzira a m'makoleji, kwa okonza makompyuta kuno ku Blantyre. Laputopu yogula itagwirapo kale ntchito nthawi zambiri imabwera hard disk yake itadulidwa zigawo ziwiri, C ndi D. Mu C mumakhala Windows ndi mapulogalamu, ndipo wogulitsa amangoipatsa 60 kapena 80 GB. Pakatha miyezi ingapo mzere wa C umafiira, kompyuta imayamba kuchedwa, ma update amakana kulowa, pomwe mu D muli malo ambirimbiri ongokhala. Mwini wake amaganiza zongophatikiza ziwirizi.

Windows ilibe batani lophatikizira zigawo. Chimene chimachitika n'chakuti D imafufutidwa yonse, kenako C imakulitsidwa kuti itenge malo amene atsala. Zonse zomwe zinali mu D, kaya zithunzi za ukwati, kaya ntchito za kusukulu, zimapita limodzi ndi chigawocho, ndipo simukazipeza mu Recycle Bin. Choncho yambani ndi kukopera zonse pa hard disk ya panja kapena pa fulashi yaikulu. Mukamaliza tsegulani mafayilo angapo pa fulashipo muone ngati akutsegukadi, chifukwa kuli mafulashi achinyengo olembedwa 128 GB pomwe mkati muli malo ochepa chabe. Amaoneka ngati alandira zonse koma mafayilowo amawonongeka. Pulogalamu yomwe munaiika mu D idzafunika kuiikanso.

Mukatero dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani diskmgmt.msc n'kudina Enter. Disk Management ikatseguka muona disiki iliyonse itajambulidwa ngati mzere wa mabokosi. Disiki ya 500 GB ikaonetsa 465 GB musadandaule kuti wina wakuberani: opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pomwe Windows imawerenga ndi 1,024. Dinani bokosi la D ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Delete Volume. Bokosilo lilembedwa kuti Unallocated. Kenako dinani C chimodzimodzi, sankhani Extend Volume, vomerani malo onse amene yakuonetsani mpaka Finish. Zikayenda bwino sizitenga ngakhale mphindi imodzi.

Pomwe anthu amakodwa ndi pamene Extend Volume yatuwa, osadinika. Lamulo lake ndi lakuti malo opanda kanthuwo akhale kumanja kwa C, mogundana nayo, popanda china pakati, ndipo chigawo chokulitsidwacho chikhale cha NTFS, mtundu wa format umene Windows imagwiritsa ntchito. Pa makompyuta akale omwe disiki yake ndi ya MBR, njira yakale yogawira disiki, zigawo zazikulu sizipitirira zinayi, choncho D kawirikawiri imakhala mkati mwa chigawo china chotchedwa extended. Mukaifufuta bokosi limasanduka lobiriwira n'kulembedwa Free space. Lidineninso, sankhani Delete Partition, ndipo pamenepo lisanduka Unallocated. Ngati yatuwa ndi Delete Volume, nthawi zambiri ndiye kuti Windows inaika mu D pagefile yake, fayilo yomwe imathandizira memory ya kompyuta. Pitani ku System Properties, Advanced, Performance, Virtual memory, ikani D pa No paging file, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso.

Chovuta kwambiri ndi kachigawo ka Recovery, kosunga zida zokonzera Windows, ka 500 MB mpaka 1 GB, kakakhala pakati pa C ndi D. Disk Management siikafufuta komanso siikasuntha. Njira ina ndi kutsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba reagentc /disable, kenako diskpart, list disk, select disk 0, list partition, n'kusankha nambala ya kachigawoko ndi select partition, pomaliza delete partition override. C ikakula, lembani reagentc /enable kuti zida zokonzera Windows zibwerere. Apa werengani nambala kawiri. Diskpart siifunsa ngati mwatsimikiza. Mukafufuta kachigawo ka System, kaja ka 100 MB komwe pa disiki ya GPT, njira yatsopano yogawira disiki, kamasunga mafayilo oyatsira Windows, kompyuta siidzalowanso mu Windows. Mawu akuti clean musawalembe n'komwe, amachotsa zigawo zonse za disiki imene mwasankha. Kompyuta yokhala ndi Windows komanso Linux ifunikanso kusamala: mukafufuta chigawo cha Linux musanakonze zoyatsira, imaima pa GRUB, pulogalamu yoyatsira Linux, osapitirira.

Njira ina ndi kusuntha chigawo ndi GParted, pulogalamu yaulere yomwe mumaiika pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pamenepo. Kusuntha kachigawo kakang'ono n'kwachangu, koma chigawo cha ma GB mazana chingatenge maola angapo, ndipo magetsi akathima pakati mafayilo amasokonezeka. Kwathu kuno izi si nkhani yongoopsezera. Laputopu yomwe batire yake inatha, kapena desktop yopanda UPS (batire yothandiza magetsi akathima), isayambidwe ntchito imeneyi. Onaninso ngati disiki ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotseka mafayilo ndi kiyi yachinsinsi, chifukwa malaputopu ambiri a Windows 11 amabwera ikugwira kale ntchito. Lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imapezeka mu akaunti ya Microsoft yomwe ili pa kompyutayo, musanakhudze chilichonse.

Ife timaona kuti ambiri safunikira n'komwe kuphatikiza. Dinani foda ya Downloads ndi batani lakumanja, Properties, Location, Move, n'kuiloza ku D. Chitani chimodzimodzi ndi Documents, Pictures ndi Videos. Pulogalamu ya Windows ya Disk Cleanup ikachotsanso foda ya Windows.old, yosunga Windows yakale, C imapezanso malo, ndipo tsiku lomwe Windows idzafunika kuikidwanso, mafayilo anu adzakhala otetezeka mu D.

Amene wafufuta chigawo molakwitsa asiye pomwepo: asakulitse C, asachite format, asakopere kanthu pa disikiyo. Delete Volume imachotsa cholembedwa chosonyeza pomwe chigawo chikuyambira ndi pomwe chikuthera, koma pa hard disk yozungulira mafayilowo amakhala adakalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Pulogalamu yaulere ya TestDisk imatha kufufuza n'kubwezeretsa chigawocho. Pa SSD, disiki yosazungulira, mwayi umachepa, chifukwa disikiyo imayeretsa yokha malo amene yauzidwa kuti sakugwiritsidwanso ntchito, choncho izimitseni msanga n'kupita nayo kwa wodziwa.

Okonza makompyuta,
Limbe, Blantyre