ChatGPT si dokotala wa matenda a maganizo

A Mkonzi,

Achinyamata ena kuno ku Thyolo akamavutika maganizo akufunsa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso ngati munthu, m'malo mopita kuchipatala. Vuto lake, makinawa amakonda kuvomereza zonena za munthu: wodwala akati achibale akumutchera, angathe kumulimbitsa m'maganizo omwewo. Chichewanso sachimvetsa bwino. Mawu akuti "moyo ndatopa nawo" angawatenge ngati kutopa wamba, chonsecho munthu akuganiza zodzipha. Magazi sangayeze, pomwe kubwebweta kumabweranso ndi malungo aakulu kapena kuchepa kwa shuga m'thupi.

Mankhwala a matenda a maganizo ngati chlorpromazine ukawasiya mwadzidzidzi matenda angathe kubwerera. Mlingo asinthe ndi dokotala yekha. Wolankhula zodzipha musamusiye payekha. Bisani zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, mupite naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo.

Ogwira ntchito zaumoyo,
Luchenza, Thyolo.