Tisawaseke a ku Joni, ife mayesowo sitinalembe nawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ija yabweranso mmagulupu a WhatsApp yoti ana 81 pa 100 aliwonse a giredi 4 ku South Africa satha kumva zomwe akuwerenga. Anthu akungoseka, eti ku Joni ndalama zonse zija koma ana mbuli. Nambalayo ndi yoona, yachokera ku PIRLS, mayeso a kuwerenga omwe ana a mayiko ambiri amalemba, a 2021 omwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, Singapore inali pamwamba ndi mapointi 587 pomwe South Africa inapeza 288 basi. Koma ife tikusekafe tinalemba nawo? Ayi, Malawi pa mndandandawo palibepo. Komwe tinayesedwako ndi ku SACMEQ, mayeso a mayiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa a ana a sitandade 6, ndipo mu 2007 pa kuwerenga tinali kumchira limodzi ndi anzathu a ku Zambia.

Ine ndili ndi mdzukulu wa sitandade 4. Tsiku lina ndinamupatsa buku lake la Chichewa kuti andiwerengere pakhonde, mwana anawerenga bwinobwino mokweza ngati akuimba nyimbo ya kwaya mpaka agogo ake aakazi kulira nthungululu, ndiye nditatseka buku nkumufunsa kuti kodi mnkhaniyi anapita kumsika ndi ndani, anangoti duu kuyang'ana nkhuku. Analoweza basi. Ndipo aphunzitsi ake sindiwada ayi, kalasi ya ana opitilira 100 enanso buku limodzi akugwirizira anayi, munthu mmodzi angamve bwanji aliyense?

PIRLS imayesa zimenezi, kumvetsa osati kungotchula zilembo. Komanso a South Africa anawayesa ana mzilankhulo 11, wa Chizulu mChizulu chake. Kuno mwana wa ku Mangochi woyankhula Chiyao pakhomo kapena wa ku Rumphi wa Chitumbuka amayamba sukulu nkukumana ndi Chichewa ndi Chingerezi nthawi imodzi, ndiye tikamati sakutha kuwerenga tikutanthauza mchilankhulo chiti?

Pulogalamu ya boma lathu yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme inayamba 2016, ana oyamba aja pano akula. A unduna wa maphunziro tilembetseni nafe mayeso ngati amenewa ndipo zotsatira muzitulutse munyuzipepa boma ndi boma, ndikufuna ndione Zomba ili pati.

Gogo wokhudzidwa,
Zomba